Zitsulo za Eluby, Umboni wa a Goliati

Mu msana wa Eluby munali zitsulo ziwiri ndi masikuluwu khumi ndi anayi, koma mukanafunsa achimwene ake, a Goliati, akanakuuzani kuti munali pemphero lawo basi. A Goliati anali dikoni pa mpingo wina kufupi ndi Milepa, komanso ndiwo anali mwinimbumba wa banja lonse. Anali munthu woti mvula ikagwa bwino ankayenda m'mudzi manja ali kumbuyo, kudikira kuti anthu awathokoze.

Eluby anakula ndi linunda. Chifuwa chachikulu chinamudya mafupa a msana ali sitandade folo, msanawo n'kupindika, n'kukhala choncho. Anzake akamapita ku mjigo ndowa zili pamutu, iye ankatsatira pambuyo ndi kachigubu m'manja, maso ali pansi, osati chifukwa cha ulemu ayi, koma khosi linkakana kudzuka. Vincent wakabaza anamukwatira ali chomwecho, anthu akuseka, ndipo anabereka mwana mmodzi, Thandie. Mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kunabwera akatswiri a mafupa ku chipatala china chachikulu ku Blantyre, ndipo anamuchita Eluby opaleshoni ya tsiku lathunthu. Anabwerera kumudzi atatalika moti madiresi ake onse anafupika.

Madokotalawo anamuuza chinthu chimodzi mobwerezabwereza, chakuti asadzayerekeze kusenza katundu pamutu. Iye anamvera chaka chathunthu. Kenaka kunafika msonkhano wa chitsitsimutso, womwe unkachitika kumapeto kwa Ogasiti anthu akuthyola nandolo, ndipo tsiku limenelo anachita chinthu chimene anadzanong'oneza nacho bondo. Chimwemwe chitamukwera, anatenga kandowa ka madzi osambitsira abusa m'manja, anakaika pamutu, n'kuyenda nako kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kutsogolo. Palibe amene anamutuma. Ankangofuna kumva kamodzi kokha mmene akazi anzake amamvera. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, amayi ena analira, ndipo Eluby, tisamubisire, zinamukomera kwambiri.

A Goliati anaona zonsezo, ndipo anaonanso kumene maso a anthu ankaloza. Chaka chotsatira ndowa ija inapezeka pa pulogalamu, pakati pa kwaya ya amayi ndi ulaliki. Anaipatsa ndi dzina lomwe, ndowa ya umboni. Umboniwo ankaupereka ndi iwo, pa maiki, Eluby ntchito yake inali kuyenda chabe.

Poyamba ankanena kuti Mulungu anagwiritsa ntchito manja a madokotala. Chaka chachitatu madokotala aja anali atangomuyang'ana Eluby n'kupukusa mitu. Pofika chachisanu chipatala chinali chitasoweratu m'nkhanimo. Munatsala a Goliati okha atagwada paphiri masiku atatu osalawa kanthu, a Goliati omwewo amene ankamenya chibakera patebulo nkhomaliro ikachedwa ndi theka la ola. Tsiku lachinayi m'mawa, malinga ndi iwo, mlongo wawo anadzuka ali njo. Anthu a m'mudzimo ankadziwa bwinobwino kuti Eluby anagona m'chipatala mwezi wathunthu, ena mpaka anakamuzonda atanyamula nthochi. Koma omwewo ndi amene ankavomera ameni mokweza kuposa alendo. Nkhani ya paphiri inkakoma kuposa ya nthochi. Madokotala akamachepa m'nkhanimo ndowa inkakula, mpaka inafika ya malita makumi awiri, ndipo a Goliati ankasuzumiramo okha kuti aone ngati yadzaza.

Chaka chakhumi, ali pakatikati pa tchalitchi, Eluby anamva kanthu kakuti thi! m'munsi mwa msana. Anafika kutsogolo, anamutula ndowa, anamwetulira, anthu n'kuwomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ululu sunamusiyenso. Miyezi ikupita thupi linayamba kuwerama n'kupendekekera kumanzere, ndipo mwendo wa mbali imeneyo unkachita dzanzi akangoyenda pang'ono. Nthawi zina patapata ankavuka kuphazi iye osadziwa, n'kudzazindikira atayenda kamtunda.

Mwezi wa Juni, chiperoni chili m'kati, Vincent anamutenga pa njinga mpaka pasiteji, n'kukwera naye minibasi ya ku Blantyre. Ku chipatala chija anamujambula, ndipo dokotala wamkazi, wa kwathu konkuno, anapachika chithunzicho pa nyale.

"Mayi, mwaona apa?" anatero akuloza ndi cholembera. "Chitsulo ichi chathyoka. Masikuluwu awiri awa akhwefuka. Fupa la m'munsimu silinalumikizane bwino, ndiye zaka zonsezi zitsulo zakhala zikunyamula zokha thupi lanu. Mumasenza katundu?"

"Kamodzi pa chaka, adokotala."

"Kamodzi pa chaka? Katundu wanji?"

"Ndowa ya madzi. M'tchalitchi."

Dokotalayo anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi ndithu. "Tchalitchi chanucho mulibe anthu a misana yabwino?" Anavalanso magalasi aja. "Chabwino. Mwina chikanathyokabe, sindingakunamizeni. Koma ndowa yanuyo sinathandize."

Kenaka anamufotokozera mosabisa. Opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba. Adzang'amba pa chipsera chakale, m'kati mmene minofu inamatirira kale ku zitsulo, adzachotsa chothyokacho, adzasema fupa kuti msana uwongoke, n'kuika zitsulo zina zazitali zofika m'chiuno. Ndi ntchito ya maola asanu ndi awiri kapena kuposa, ndipo magazi amatayika ambiri. Akatswiri a ntchitoyo adzabwera sabata yomaliza ya Ogasiti, adzakhala masiku asanu okha, ndipo odikira ndi ambiri.

"Dzina lanu ndililemba," anatero dokotalayo. "Koma magazi m'nkhokwe mwathu ndi ochepa. Mubwere ndi anthu atatu odzapereka magazi pofika Lolemba la sabata imeneyo. Akapanda kukwana atatu, malo anu tipatsa wina, ndipo mpata wina mwina udzapezeka chaka chamawa, mwina chinacho."

"Nanga mwendowu udikira, adokotala?"

"Sindikukhulupirira, mayi. Mtsempha wapanikizika. Mukachedwa mudzasiya kuyenda."

Anthu awiri anapezeka asanafike n'kunyumba komwe. Vincent anati iye ndi woyamba. Thandie, yemwe tsopano ankagulitsa m'sitolo ina ku Limbe, anayankha pa foni kuti iye ndi wachiwiri ndipo amayi ake asamufunsenso kawiri. Panatsala mmodzi. Eluby ankaganiza kuti mmodzi ndi nkhani yaing'ono kwa munthu amene ankawomberedwa m'manja ndi anthu mazana atatu chaka chilichonse.

Vincent anayamba ndi anzake akabaza pasiteji. Iwo anamuuza kuti magazi awo ndiwo petulo wawo, akachotsako botolo lathunthu zitunda za kuno adzakwera bwanji. Mmodzi anavomera, koma mawa lake anasintha siteji. Anansi ena anakumbukira mwadzidzidzi nkhani za anamapopa. Ena sananene chifukwa, koma Eluby ankadziwa kuti akuopa kuti magazi awo akayezedwa atulukira zimene iwo sakufuna kumva. Achibale onse, kuyambira azakhali mpaka asuweni, anayankha ngati anapangana: funsani kaye a mwinimbumba.

Choncho Loweruka lina masana Eluby ndi Vincent anapita kwa a Goliati. Anawapeza pakhonde akupolisha nsapato za mawa lake. Eluby anakhala pa mphasa movutikira, anatulutsa chithunzi chija mu envelopu yake yaikulu, n'kufotokoza zonse. A Goliati anachigwira ndi nsonga za zala ngati chotentha, ndipo asanachiyang'ane n'komwe anayang'ana kaye kunjira.

"Chemwali, chithunzichi wina wachiona?"

"Bambo a Thandie okha."

"Chibiseni. Muchiike pansi pa matiresi. Ntchito ya Mulungu sithyoka."

"Chathyoka ndi chitsulo, achimwene."

"Chitsulo chiti? Anthu akudziwa za chitsulo?"

"Akudziwa. Anabwera ndi nthochi."

"Za nthochizo anaiwala kalekale, ndipo inu musawakumbutse." Anabweza chithunzicho n'kutenganso bulashi. "Tamverani. Chaka chino ku chitsitsimutso kukubwera abusa aakulu ochokera ku likulu. Akufuna kusankha dikoni mmodzi woti akaphunzire zaubusa. Za inu ndawauza kale m'kalata, akufuna adzaone ndi maso awo. Ndiye inu mukufuna ndikaime pa maiki n'kunena kuti chozizwitsa chija chaguluka masikuluwu? Mukufuna anthu agwe m'chikhulupiriro chifukwa cha inu?"

"Ndikufuna munthu mmodzi wopereka magazi. Mukalola, asuweni athu a Esnart kapena wina aliyense m'banja muno apita. Kapena inu nomwe."

"Ine magazi anga amathamanga."

Eluby anawayang'ana. Chibadwire a Goliati anali asanapimitsepo magazi awo, ndipo chimene chinkathamanga mwa iwo chinali pakamwa pokha.

"Muchite chonchi," anapitiriza a Goliati. "Msonkhano uli Lamulungu, madokotala anuwo akufuna Lolemba. Mudzamange chitenje cholimba m'kati mwa diresi kuti muwongoke, mudzasenze ndowa, ndi masitepe makumi atatu okha. Mukatero mudzapite mwakachetechete, tidzati mwapita kukacheza kwa Thandie."

"Nanga munthu wachitatu?"

"Ambuye apereka."

Vincent, amene nthawi yonseyi anangokhala pa njerwa akupotokola chipewa, analephera kupirira. "Alamu, munthuyu akuvutika. Usiku sagona. Ndowa ija imupha."

"Alamu," anatero a Goliati osamuyang'ana n'komwe, "inu kuno munabwera kudzakwatira. Za mbumba ino tisiyireni eni ake."

Pobwerera Eluby anakhala kumbuyo kwa njinga. Mtima wake unali utadzaza kunyansidwa. Ankanyansidwa ndi achimwene ake, ankanyansidwa ndi achibale amantha aja, ndipo koposa ankadzinyansira yekha pokumbukira mmene ankamwetulira pansi pa ndowa, khosi likulira, pofuna kuti nthungululu zisathe msanga.

Masabata anapita. A Goliati anayenda nyumba ndi nyumba m'banjamo kutsina anthu khutu, moti achibale akamuona Eluby akubwera ankakumbukira kuti asiya mbuzi m'munda mwa eni. Azakhali ake anamutumizira mawu akuti akumupempherera. A Esnart, msuweni wake amene anakula naye nyumba imodzi, anabwera tsiku lina ndi mbale ya nandolo wamuwisi, anakhala theka la ola akukamba za mitengo yoipa ya mavenda, n'kutsanzika osatchula magazi ngakhale kamodzi. Nandoloyo Eluby anaphika, pakuti chakudya sichilakwa, koma mbale anaibweza yopanda kanthu.

Lamulungu la msonkhano linafika munthu wachitatu asanapezeke. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anakhala panja pansi pa mibawa. Kutsogolo kunakhala abusa aakulu aja, nkhalamba yaimvi yoyendera ndodo, imene inkaoneka ngati ikusinza koma inkamva zonse. Eluby anabwera atamanga chitenje m'kati monga anamulamulira, chomangitsa moti ankapuma pang'onopang'ono. Anaima pakhomo la tchalitchi. Ndowa inali pomwepo, yodzaza mpaka m'milomo, ndipo alamu ake a Magdalena, akazi a a Goliati, anali atagwira nkhata.

Kwaya ya amayi itamaliza, a Goliati anatenga maiki n'kuyamba. Chaka chino paphiri paja panali patawonjezeka mvula yamatalala ndi njoka. Eluby anamvetsera mpaka pa njokapo. Ndiye anapisa dzanja m'kati mwa diresi, anamasula mfundo ya chitenje, anachisolola n'kuchipereka kwa a Magdalena.

"Alamu, mukutani?" ananong'ona a Magdalena.

"Ndikupuma, alamu."

Thupi lake linagwera pamene linkafuna kugwera, kutsogolo ndi kumanzere. Anatembenukira kwa Vincent, yemwe anamupatsa envelopu ija osafunsa kanthu.

"Ndipo tsopano, abale ndi alongo," a Goliati anakuwa, "onani ndi maso anu!"

Anthu onse anatembenuka n'kuona ndi maso awo. Eluby analowa atawerama, akukoka mwendo, dzanja limodzi likugwira mabenchi, linalo litagwira envelopu. Mayi wina amene anali atayamba kale nthungululu anaimeza. Woimba ng'oma anamenya kawiri n'kusiya. Masitepe makumi atatu aja anatenga nthawi yaitali, ndipo m'tchalitchi monse munkangomveka phazi lokhwekhwereza pa simenti.

"Abale, uyu ndi mdyerekezi akuyesa..." a Goliati anayamba, koma abusa aakulu anakweza ndodo pang'ono, ndipo a Goliati anatseka pakamwa.

Eluby sanapite pa maiki. Anapita pa zenera la kutsogolo, pamene dzuwa linkalowera, anatulutsa chithunzi chija n'kuchigunditsa pa galasi. Zonse zinaoneka poyera, zitsulo ziwiri zoyera mbee, masikuluwu ali ndandanda uku ndi uku, ndi pothyoka paja.

"Mayo, misomali!" anatero gogo wina pa benchi yoyamba.

"Si misomali, agogo, ndi masikuluwu," anatero Eluby. "Uwu ndi msana wanga. Izi ndi zitsulo. Anaika ndi madokotala zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo ndinathokoza Mulungu, mpaka lero ndikuthokozabe. Ambiri muno mukudziwa. Inu amayi a kwaya munabwera kudzandiona m'wodi, munaimba mpaka anesi anakuletsani. Mwaiwala? Ichi chathyoka. Chinathyokera muno, chaka chatha, pafupi ndi benchi iyo, inu mukuwomba m'manja. Madokotala akuti akonza sabata ino, koma pakufunika anthu atatu opereka magazi mawa. Awiri ndili nawo. Akapanda kupezeka wachitatu, chaka chamawa mudzandiona pa wilibala. Ndikupempha munthu mmodzi. Mmodzi basi."

Anthu mazana atatu anapeza mwadzidzidzi zinthu zofunika kuziyang'ana. Amuna anayang'ana nsapato zawo, amayi anakonza mipango imene inali bwinobwino, a kwaya anatsegula mabuku a nyimbo zimene ankazidziwa pamtima. A Esnart anatsina mwana wawo kuti alire, n'kutuluka naye panja. Eluby anaima pomwepo, mkono ukutopa, ndipo anawayang'ana mmodzimmodzi mopanda manyazi. Manyazi anali atamuthera.

Abusa aakulu anadzuka pang'onopang'ono, anapita pa zenera paja, n'kuyang'anitsitsa chithunzicho.

"Ntchito yabwino anagwira anthu amenewa," anatero. "Mayi, ine ndikanapita, koma zaka zandipitirira, sangandilandire." Anatembenuka. "Adikoni, mayiwa si mlongo wanu?"

"Ndi mlongo wanga, abusa."

"Bere limodzi?"

"Bere limodzi, abusa."

"Ndiye tikuvutikiranji? Munthu wosala masiku atatu paphiri, pakati pa matalala ndi njoka, sangaope kasingano. Mawa sikisi koloko ndikutengani pa galimoto langa, inu ndi mayiwa ndi amuna awo."

Nkhope ya a Goliati inachita zinthu zingapo nthawi imodzi. Anayang'ana abusa, anayang'ana khomo, anayang'ananso abusa. Koma munthuyu, tinene zoona, anali ndi luso. Asanapume katatu anali atakweza kale dzanja kumwamba.

"Aleluya! Abale, ine ndimangodikira mpata umenewu! Mzimu unandiuza kale paphiri!"

Nthungululu zinaphulika kuposa zaka zonse za ndowa. Anthu anaimba, anavina, ena anakumbatirana. Chimwemwe chawo chinali chenicheni ndithu, pakuti aliyense ankathokoza kuti singano yagwera wina.

Lolemba, ku chipatala, a Goliati anauza anesi za magazi awo othamanga. Anesi anawapima n'kuwauza kuti magazi awo akuyenda bwino kuposa a wina aliyense m'chipindamo. Anawagoneka pa bedi. A Goliati anatembenuzira nkhope kukhoma, anatsinzina, anatchula mayina a aneneri onse amene ankawakumbukira. Singano italowa n'kuona kuti sanafe, anatsegula diso limodzi n'kuuza Thandie kuti awajambule pa foni, thumba la magazi lioneke bwino. Anthu atatu anakwana, ndipo dzina la Eluby linalembedwa pa Lachinayi.

Lachitatu masana, nthawi yoona odwala, a Goliati anabweranso. Anali atavala jekete, koma dzanja limodzi la jeketelo sanalivale, kuti kapulasitala ka pamkono kaoneke. Anapereka moni kwa odwala onse m'wodimo, bedi ndi bedi, asanafike kwa mlongo wawo. Vincent anawasiyira mpando.

"Chemwali," anatero atakhala, maso akuwala, "poyamba ndinakwiya nanu, sindibisa. Koma tsopano ndaona kuti zonsezi zinakonzedwa kumwamba. Taganizani chaka chamawa. Inu mudzaima uku, mutawongoka. Ine ndidzaima uku. Ndidzati, abale ndi alongo, mlongo wangayu anali pakamwa pa manda, madokotala atagwira njakata, magazi atamuthera. Ndipo ine ndinatambasula mkono uwu. Magazi amene akuyenda m'thupi mwakemu ndi anga! Ndiye inu mudzagwada pang'ono, ngati msana udzalola, n'kundigwira mkonowu. Chithunzi chija tidzachikulitsa."

Eluby anagona chammbali akuyang'ana khoma. Masiku onsewa ankaopa mpeni, ankaopa kuti mwina sadzadzukanso, kapena adzadzuka miyendo itafa. Tsopano mantha enanso anamugwira, ndipo anali olemera kuposa oyamba aja. Adzatuluka muno ndi magazi a munthu uyu m'thupi. Sadzathanso kumutsutsa, pakuti ulendo uno nkhaniyo idzakhala ndi kachoonadi m'kati. Adzamuyendetsa mipingo yonse ya m'boma lino mpaka ukalamba, akumuloza ngati mbuzi yake ya pamsika.

Nesi wina wachikulire anafika ndi mapepala oti Eluby asayine. Anamuwerengera zoopsa zonse za opaleshoniyo, chimodzichimodzi, n'kumupatsa cholembera. Eluby anachigwira koma sanalembe.

"Asisita, ndifunse nawo. Magazi a achimwene angawa mukandithira nthawi yanji? Ndili mtulo kapena nditadzuka?"

"A bambo awa?" Nesiyo anayang'ana m'faelo. "Ayi, mayi, awa sitikuthirani."

A Goliati anawongoka pa mpando. "Mwati bwanji?"

"Magazi amene abale amapereka ndi obwezera m'nkhokwe, bambo. Amakayezedwa kaye, kenaka amapita kwa wodwala aliyense amene akugwirizana nawo. Ndiponso anu ndi a gulu lina, sangagwirizane ndi a mayiwa. Titawathira tingawaphe."

"Koma ndife a bere limodzi!"

"Zimachitika, bambo."

"Nanga akewo achokera kuti?"

"Tasunga kale mapaketi anayi. Ambiri amene tili nawo mwezi uno anapereka ndi ana a sekondale asanatsekere sukulu. Mayina sitidziwa."

"Ndiye anga apita kwa ndani?"

"Sindingadziwe. Mwina kwa mayi wobereka, mwina kwa wina wogundidwa ndi galimoto. Mwathandiza munthu, bambo, musadandaule. Kungoti munthuyo sadzakudziwani."

Eluby anayamba kuseka. Anayesa kudzigwira chifukwa kuseka kunkamubaya m'munsi mwa msana, koma kunakana. Anaseka mpaka misozi, bedi likugwedezeka, Vincent atamugwira phewa, nayenso akuluma mlomo. Mayi wa pa bedi loyandikana, amene anamva zonse, anafunda chitenje kumutu, koma chitenjecho chinkanjenjemera.

A Goliati anayang'ana kapulasitala kawo. Anakayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wagula thumba la feteleza n'kupeza mchenga. Kenaka anavala dzanja lina lija la jekete. Atalankhula, mawu awo anali aang'ono, opanda maiki m'kati mwake.

"Ndiye kumpingo ndikanene chiyani?"

Eluby anapukuta misozi, anatsamira chigongono, n'kulemba dzina lake papepala paja mosathamanga, chilembo ndi chilembo. Anabweza cholembera kwa nesi.

"Mukanene kuti mlongo wanu ali m'chipatala, akumuchita opaleshoni mawa, ndipo akuopa. Mukatero mukakhale pansi."

"Basi?"

"Basi, achimwene. Ndi mmene zililitu."

A Goliati anayang'ana mlongo wawo, wowerama, wowonda, ali m'diresi la chipatala lomanga kumsana, ndipo kwa kanthawi kochepa anaoneka ngati amuonadi mmene alili. Belu lotulutsa alendo linalira. Anaimirira, anakonza jekete, anayenda mpaka pakati pa wodi, n'kubwerera.

"Nanga nditati ndinalota ana asukuluwo asanapereke?"

"Asisita," anatero Eluby, "nthawi ya alendo sinathe kodi?"

Nesi uja anawagwira a Goliati pa mkono womwe unali ndi pulasitala uja, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo.